Tcheni ziwiri zitakana kulowa, ndinapita kwa madala owerenga kapuleti ku Biwi

Probox yanga ndinagula mu 2021 kwa bambo wina wa ku Area 25. Ndi yoyera, ya otomatiki, yopangidwa mu 2007. Tsiku logula ndinachita zomwe tonse timachita: kuponda matayala, kuliza injini, kusuzumira ku ekizozi ngati kukutuluka utsi, kenako kuithamangitsa mpaka ku Kanengo n'kubwerera. Mwini wake anati, "Iyi ndi 1.5 bwana, osati tija ta 1.3 tolephera chitunda." Anatsegula boneti n'kundilozera kapuleti kachitsulo kokhomedwa kukhoma la kuseri kwa injini. Panalembedwadi 1NZ-FE, kutsogolo kwake 1496. Ndinagwedeza mutu ngati munthu wozitsata, n'kuyamba kuwerenga ndalama.

Ntchito yanga ndi yopikula mbatatesi ku Lizulu ndi ku Bembeke n'kudzagulitsa kwa anyamata a chiwaya ku Kawale, ku Mchesi ndi ku Chilinde. Kawiri pa sabata ndimakhala pa M1, kulipira pa Kalinyeke popita ndi pobwera. Kuchitseko chakumbuyo kwa Probox kuli kachikwangwani ka Chijapani kokhala ndi 400 kg, kusonyeza katundu amene galimotoyi inapangidwira. Sindinama, sindinkakamvera kwenikweni. Ndiye ikamalira pa zitunda za ku Linthipe, kubwerera giya yachiwiri anzanga a ma Probox ena akundidutsa ngati ndaima, ndinkadziimba mlandu ndekha kuti ndapakira mopyola. Zaka zitatu ndithu ndikuganiza choncho.

Vuto linayamba mu June 2024, nthawi yozizira. Ndikaliza m'mawa, injini inkachita phokoso ngati munthu akukoka unyolo pamwamba pa malata, ikatentha n'kuchepa. Makaniko wanga wa nthawi zonse, mnyamata wa ku Mchesi amene ndakhala naye kuyambira ndili ndi Corolla, anamvetsera n'kunena kuti ndi taimingi tcheni yatha, unyolo wa m'kati mwa injini umene umaonetsetsa kuti mavavu azitseguka pa nthawi yake. Injini za NZ sizikhala ndi lamba, zimayendera tcheni. Ndinapita kusitolo ina ya masipeya, wogulitsa n'kufunsa funso limodzi lokha: "Galimoto yanji?" Ndinati Probox 1.5, 1NZ. Anatsitsa kabokosi, ndinalipira.

Tcheniyo itaikidwa inali lendelende. Tenshona, kachida kokungira tcheni, yatuluka mpaka kumapeto koma osagwira, zizindikiro za pa tcheni osakumana ndi za pa magiya. Makaniko wanga anati andigulitsa feki. Ndinabwerera kusitolo, tinakangana mpaka anthu kuunjikana pakhomo, pomaliza anandisinthira ya kampani ina, yodulirapo, ndikuonjezera ndalama. Chimodzimodzi. Wogulitsa anati makaniko wanu sadziwa ntchito, makaniko anati wogulitsa ndi wakuba, ine ndili pakati, galimoto ili chitsegulire pansi pa mtengo masiku asanu ndi anayi. Mbatatesi ndinkachita kubwereka malo pa lole ya anzanga, phindu lonse kuthera pa transipoti.

Amene anandilozera kwa madalawa ndi dalaivala wa minibasi yemwe timapemphera limodzi. Anati, "Achimwene, musagulenso kanthu. Pitani ku Biwi, kuli madala ena amawerenga galimoto." Mawu akuti kuwerenga galimoto ndinawamva koyamba tsiku limenelo, ndipo ndinaseka, ndikuyesa ndi za asing'anga.

Dzina la galajayo sindilemba, ndipo ngakhale ndikanafuna, palibe chikwangwani. Ndi shedi ya malata kuseri kwa owotcherera mageti, pambali pali kontena yakale yosungiramo zida, kutsogolo mpando wa minibasi wong'ambika ndiwo pokhala alendo. Mukafika ku Biwi kumene kwadzaza magalaja kuja n'kufunsa za madala owerenga mapuleti, anyamata akulozerani. Eni ake ndi bambo wa zaka za m'ma 60, wamfupi, magalasi omangidwa ndi kawaya mbali imodzi. Anagwira ntchito zaka zambiri pa galaja ina yaikulu m'tauni muno asanayambe zawozawo. Ali ndi mahadikava anayi akuda bii ndi oyilo, mmene analembamo pamanja makodi a galimoto zonse zimene zinadutsapo m'manja mwawo.

Ndinayamba ndi kuwaonetsa chithunzi cha kapuleti pa foni. Sanachiyang'ane n'komwe. "Bambo, chithunzi ndichitani nacho? Bweretsani galimoto." Ndinawafotokozera kuti ndi yophwasula, iwo anati ndiye ikokeni. Tinaikoka ndi chingwe kuchokera ku Mchesi, mtunda waufupi, komabe titafika anandikalipira kaye: otomatiki siyenera kukokedwa mtunda wautali matayala akutsogolo ali pansi injini ili yozima, chifukwa pampu ya oyilo ya mu giyabokosi imayendera injini. Anati mwayi wanga ndi woti Mchesi ndi pafupi. Ndinafuna kuwakumbutsa kuti anena zokoka ndi iwo omwe, koma ndinangomeza.

Mtengo wowerenga galimoto anati K20,000, kulipiriratu. Ndinaona ngati wakwera, poti sakonza chilichonse pa ndalama imeneyo, sipanala sagwira. Koma pofika nthawi imeneyo ndinali nditataya kale yoposa pamenepo kangapo.

Anandipatsa pepala long'amba mu kope ndi bolopeni, n'kunena kuti ndizilemba ndekha zimene akuwerenga, kuti mawa ndisadzanene kuti madala ananamiza. Anapukuta kapuleti ndi kansanza n'kuyamba mzere woyamba, wa MODEL: CBE-NCP51V-EXPDK. Ine zaka zonsezi ndinkaona ngati ndi zilembo zongosanjikiza a fakitale. Iwo anazidula m'zigawo zitatu. CBE ija, anati, siikhudza masipeya kwenikweni, ndi chizindikiro cha malamulo a utsi a ku Japan a 2005. B wapakatiyo akusonyeza petulo wamba wopanda haibulidi, E akusonyeza kagalimoto ka katundu. Pa galimoto zonyamula anthu pamakhala A m'malo mwa E, n'chifukwa chake zambiri zimayamba ndi CBA kapena DBA, ndipo ukaona DAA, ngati pa Aqua ndi Prius, udziwe kuti ndi haibulidi.

Pakati ndi pamene pali nkhani. NCP51V. N woyambayo ndi banja la injini, NZ. P ndi banja la chesisi, lomwe Probox imagawana ndi Vitz, Platz, Ist ndi Sienta yoyamba. 51 ndiye amasiyanitsa: NCP50V ndi ya 1.3, injini 2NZ-FE. NCP51V ndi ya 1.5, injini 1NZ-FE. NCP55V ndi 1.5 yokoka matayala onse anayi. Panalinso NLP51V ya dizilo, injini 1ND-TV ya 1.4, imene madala anati m'moyo wawo anaionapo kawiri kokha. V wakumapeto ndi vani, pamene G ndi wagoni, ngati NCP58G. Mu EXPDK anangotolamo zilembo ziwiri: P ndi otomatiki ya magiya anayi, ikanakhala ya manyuwo pakanakhala M, ndipo D ndi giredi ya DX, ija ya mawindo akumbuyo opukusa pamanja.

Mzere wachiwiri, ENGINE: 1NZ-FE, 1496 mL. Apa anandifunsa ngati ndikudziwa tanthauzo la 1 ameneyo. Ndinati mwina ndi wa 1.5. Anaseka mpaka kuvula magalasi. Kwa Toyota nambala yoyambayo siinena kukula kwa injini, imangonena kuti ndi yachingati m'banja lake. Ndiye 1NZ ndi yaikulu kuposa 2NZ, monganso 1KD ya 3.0 iposa 2KD ya 2.5. Koma usati wapeza lamulo, chifukwa 1TR ndi 2.0 pamene 2TR ndi 2.7, ndipo 3L ya m'maminibasi akale ndi 2.8, 5L ndi 3.0. Palibe chidule, n'kuloweza basi, n'chifukwa chake ali ndi mahadikava. F ndi mtundu wa hedi wa makamushafuti awiri wopangidwira kusunga mafuta, E ndi mafuta opopedwa ndi ma injekita olamulidwa ndi kompyuta. Pa 2KD-FTV, T ndi tebo. Pa 1NZ-FXE, X ameneyo ndi wa injini ya haibulidi, ndipo anandichenjeza kuti wina asadzandigulitse imeneyo ati ndi 1NZ yomweyo.

Anapitiriza: FRAME No., COLOR 058, kumene kuli kuyera kwa Probox, kenako TRANS./AXLE U340E. Nambala ya penti ija sindinkadziwa kuti ilipo, chonsecho chaka chathachi ndinapentetsa chitseko n'kutuluka choyera mosiyana ndi zinzake, ngati dzino loikirira. Anayerekeza fulemu nambala ya pa kapuleti ndi imene inadindidwa pa chitsulo cha galimoto, kenako ndi ya mu bulu buku. Zonse zitatu zinagwirizana. Anagwiranso marivetsi a kapuleti ndi chala kuona ngati anachotsedwapo. Anali a ku fakitale.

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati, "Ndiye kuti ndi 1NZ ndithu, madala. Masipeya aja ndi feki."

Iwo anati, "Kapuleti kakutiuza mmene galimoto inabadwira. Papita zaka 17. Inuyo mano amene munabadwa nawo ndi omwe muli nawowo?"

Anaitana sipanala boyi wawo kuti abweretse tochi, kagalasi kothyoka ka pambali pa galimoto, mswachi wakale ndi petulo pang'ono m'kabotolo. Anaweramira kumene injini imakumana ndi giyabokosi, pamene pa buloko, thupi lenileni la injini, pali kamalo kosalala kodindidwa nambala. Panali matope osakanikirana ndi oyilo, okhuthala ngati phala. Anatsuka mphindi zingapo osalankhula. Kenako anaika kapepala pamenepo, kukhutiza ndi pensulo mpaka zilembo zinatuluka zoyera pakati pa kuda, n'kundipatsa.

2NZ.

Ndinayang'ana pepala, ndinayang'ana kapuleti, ndinayang'ananso pepala. Nambala yotsatira zilembozo inalinso yosiyana kotheratu ndi enjini nambala ya mu bulu buku. Zaka zitatu ndikuyendetsa 1.3 ndikumauza anthu ku Lizulu kuti yanga ndi 1.5.

Chimene chinandipweteka n'chakuti ndi maso sungasiyanitse. Injini ziwirizi zinatuluka nthawi imodzi, cha m'ma 1999, ndipo ndi mapasa: chivundikiro chapulasitiki cholembedwa VVT-i n'chimodzi, makoilo pamalo omwewo, ngakhale kukula kwa bowo la silinda n'kofanana, mamilimita 75. Kusiyana kuli pa ulendo wa pisitoni. Mu 1NZ imayenda mamilimita 84.7, mu 2NZ 73.5 okha, ndiye n'chifukwa chake ina ndi 1496 ina 1298. Buloko ya 2NZ ndi yaifupi pang'ono, ndiye tcheni yakenso ndi yaifupi. Madala anakhoma msomali pa mtengo wa shedi, kupachikapo tcheni yanga yakale ndi yatsopano ija pamodzi. Yatsopano inalendewera kupitirira inzake, ngakhale kuti yakaleyo inali yotanuka ndi kutha. Masipeya sanali feki. Anali olondola, a injini imene ine ndilibe.

Ndinawafunsa kuti akanatani nambalayo ikanapezeka yofufutidwa. Anati amachotsa pulagi imodzi, kulowetsa kawaya kowongoka pabowo, kuzunguza injini pamanja n'kuyeza pamene kawaya kakwera ndi pamene katsika. Kusiyana kwa sentimita yathunthu sikubisika. Koma pa yanga anakana kuyesa zimenezo chifukwa tcheni inali itachotsedwa, ndipo kuzunguza kirankishafuti choncho pisitoni ikhoza kugunda mavavu. Pamenepo m'pamene ndinaona kuti K20,000 ija sinapite pachabe: munthu wodziwa chimene sayenera kugwira ndi wosowa m'magalaja athu.

Anayang'ananso zina ziwiri zimene sindinawapemphe. Giyabokosi anapeza kuti ndi yake yomwe, U340E, pamene Probox yobadwa ndi 1.3 imabwera ndi U441E. Ndiye pogula za giyabokosi ndizitsata kapuleti, pogula za injini ndizitsata buloko. Kompyuta nayo anaitulutsa, pa sitika yake palembedwa 1NZ-FE. Anati galimoto imayenda ndithu choncho, monga ndaonera zaka zitatuzi, koma kompyutayo inakonzedwera injini yaikulu, ndipo sangadabwe ngati ndikumwetsa mafuta ochuluka kuposa a 1.3 weniweni. Sanalumbirire, anati ndi maganizo awo chabe. Pa mapepala a Toyota, Probox ya 1.5 ili ndi mphamvu 109 PS, ya 1.3 ili ndi 87. Zitunda za ku Linthipe zija zinamveka tsiku limenelo. Kupakira mopyola kunalipo ndithu, sindikudziyeretsa, koma bulu wakenso anali wamng'ono.

Ndinapitako maulendo atatu onse pamodzi, ndipo nthawi yambiri ndinkathera pa mpando wa minibasi uja kudikira. Kudikirako kunandiphunzitsa zambiri kuposa za galimoto yanga. Kunabwera mayi wina ndi Vitz, atagula wota pampu "ya Vitz 1.3" imene sinalowe. Madala anangoyang'ana kapuleti n'kunena kuti yawo ndi SCP90, injini 2SZ-FE, pamene pampu imene agula ndi ya 2NZ-FE, yomwe mu Vitz ya mtundu umenewo imapezeka mu NCP95 yokoka matayala anayi. Zonse ndi 1.3, zonse ndi Vitz za chaka chimodzi, koma injini zake si pachibale n'komwe. Ndipo pali KSP90 ya 1.0, ya masilinda atatu, 1KR-FE, imene anthu ambiri ali nayo. Mayiwo anafunsa kuti nanga wogulitsa sanawafunse bwanji. Madala anati wogulitsa amafunsa dzina la galimoto chifukwa wogula amadziwa dzina lokhalo.

Anyamata a maminibasi ndiwo makasitomala awo enieni. Kumeneko injini zimasinthidwa ngati malaya, ndipo Hiace yolembedwa TRH, yobadwa ya petulo, ukhoza kuipeza ikulira dizilo. Kwa iwo LH ndi banja la L, KDH ndi la KD, TRH ndi la TR, ndipo madala akangomva zilembo zitatuzo amadziwa kale chimene chiyenera kukhala pansi pa mpando wa dalaivala, chotsala n'kuona ngati chilipodi. Ndinaonanso Hilux ina imene nambala yake inali yaitali, ya zilembo ndi manambala 17, yoyamba ndi AHT. Anati imeneyo ndi yopangidwa ku Durban. Galimoto zopangidwira msika wa ku Japan, zimene timaitanitsa kudzera ku Dar es Salaam n'kulowa pa Songwe, zilibe nambala yaitaliyo, zili ndi fulemu nambala yaifupi yoyamba ndi kodi ya modelo. N'chifukwa chake mukailemba pa mawebusaiti ena ofuna zilembo 17 amakukanirani, n'kuyamba kuda nkhawa kuti mwagula yakuba.

Nissan amaiwerenganso, ndipo anati ndi yosavuta chifukwa nambala yake imanena kukula: HR15DE ya mu AD Van ndi banja la HR, 1.5. Koma za ku Germany amakaniratu. Kunabwera mnyamata ndi Golf, anamuuza mosapita m'mbali kuti apite kwina, iwo sanaziphunzire. Ena angaone ngati n'kulephera. Ine ndinakondwera nazo, chifukwa amene anandiika m'mavuto onsewa ndi anthu osanena kuti sindikudziwa.

Tsopano zoipa zake, poti zilipo. Madalawa sathamanga. Tsiku loyamba ndinafika 8 koloko, anandigwira cha m'ma 11, ndipo palibe mzere wodziwika, amayamba ndi amene maso awo agwerapo, makamaka a maminibasi amene amawadziwa. Lachisanu masana musapiteko, amakhala ku mzikiti ndipo sipanala boyi saloledwa kuwerenga yekha. Pakamwa pawo ndi powawa. Mayi wa Vitz uja anamufunsa pagulu ngati mankhwala a mwana amagulanso pongotchula dzina la mwanayo, ndipo ndinaona kuti sizinamusangalatse. Lisiti kulibe, umboni wako ndi pepala la mu kope lolemba wekha, iwo amangosainira pansi. Makina oyezera kompyuta alibe, akafunika amachita kubwereka kwa mnzawo, ulipirenso padera. Malowo nthawi ya mvula ndikukhulupirira kuti ndi matope okhaokha, poti ngakhale mu June panali pothithima ndi madzi a otsuka galimoto. Pokhala m'pamodzi pomwe paja, ndipo chimbudzi n'chopempha kwa owotcherera.

Masipeya sagulitsa, ndipo sakulozera sitolo. Poyamba zinandinyansa, ndinkafuna kumaliza zonse pamalo amodzi. Nditaganiza bwino ndinaona kuti n'chimene chimapangitsa mawu awo kukhala olemera: alibe chimene akupindula ukagula ichi kapena icho. Amangokulembetsa kuti ukanene chiyani pa kauntala, n'kukuuza kuti unyamule chakalecho ukayerekeze pomwepo usanapereke ndalama.

Tcheni ya 2NZ ndinaipeza tsiku lomwelo. Wa sitolo uja anavomera kulandira ya 1NZ atadulako ndalama pang'ono chifukwa kabokosi kanali kotsegula, ndipo ndinamupepesa pa mawu amene ndinamunena. Ntchito yoika ndinabwezera makaniko wanga wa ku Mchesi, amene anabwera yekha ku Biwi kudzaona buloko ndi maso ake. Anachita manyazi, koma madala sanamunyoze monga ndinkayembekezera, anangomuonetsa malo a nambala n'kumuuza kuti azitsuka pamenepo asanatume munthu kusitolo. Tcheni inalowa kamodzi n'kamodzi, zizindikiro zonse pamalo pake. Phokoso la m'mawa linatha.

Bambo wa ku Area 25 ndinamuimbira. Anayamba ndi kukana, kenako anakumbukira kuti injini inanoka chaka chimodzi asanandigulitse, ndipo makaniko wake anamupezera ina kwa ophwasula galimoto, n'kumuuza kuti ndi chimodzimodzi. Akuti iyenso sanadziwe. Mwina n'zoona, mwina ayi. Munthu amene analozera kapuleti mwachangu chotere ndimamukayikirabe, koma inenso ndinakhala nayo zaka zitatu osadziwa, ndiye ndilibe pomugwirira. Chimene ndinamuumiriza ndi kalata yosonyeza kumene injiniyo inagulidwa, chifukwa madala anandichenjeza kuti nambala ya pa buloko ikasiyana ndi ya mu bulu buku, tsiku logulitsa galimoto kapena lotuluka nayo m'dziko ndidzavutika kufotokoza. Kalatayo anandipatsa patatha miyezi iwiri ndikumulondola, ndipo zokasinthitsa mapepala ndikuyenda nazo ndekha, osadzera kwa madobadoba.

Kodi ndingatumize munthu kumeneko? Amene akufuna kugula galimoto yoyenda kale kuno, inde, ndipo apite asanalipire, osati ngati ine. Mlamu wanga atafuna Sienta ndinamukokera konko, NCP81G yake inapezeka ndi 1NZ yake yobadwa nayo, nambala zonse zogwirizana, anagula mtima uli m'malo. Amene galimoto yake yangotsika kumene kuchokera ku Japan, kapuleti kokha n'kokwanira nthawi zambiri, akhoza kuwerenga yekha ndi zimene ndalembazi n'kusunga ndalama yowerengetsera ija. Koma ya m'manja achitatu, yoti inagwirapo takisi kapena inanyamulapo matumba ngati yanga, ndalamayo ndi yochepa poyerekeza ndi tcheni imodzi yolakwika, makamaka mmene masipeya anakwerera kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023.

Matumba ndinachepetsa. Ndikusunga ndalama yoti ndidzabwezeretse 1NZ, poti giyabokosi ndi kompyuta zikudikira yomweyo. Mwezi wathawu anandiimbira wina wophwasula galimoto kuti yapezeka yabwino, yotsika kumene, mtengo wake wonyengerera. Ndinapita ndi tochi, mswachi ndi kabotolo ka petulo m'thumba la jekete. Injiniyo inali yotsukidwa bwino, yowala, pachivundikiro atalemba 1NZ ndi choko chachikasu. Ndinagwada, n'kutsuka kamalo kaja pafupi ndi pokumana ndi giyabokosi. Panali posalala see, mizere ya girainda ikuonekera. Mnyamata wogulitsayo anati zimabwera choncho kuchokera kunja. Ndinapukuta mawondo, n'kukakwera kabaza wobwerera ku Kawale.